Motoka ili bwino, koma ka buzzer ka kiyi kandidyera ndalama

Mnzanga wa ku Katete wandifunsa pa WhatsApp kuti motoka ya ex-Japan ndinagula chaka chatha ija ikuyenda bwanji, ati naye akufuna akagule kwa abambo omwewo amene anandigulitsa. Ndiye ndati ndingolemba nonse mumve.

Injini ilibe mlandu, mafuta simwa kwambiri, AC imazizira ngakhale mu October. Ma shock anatha koma amenewo ndi misewu ya kumudzi kwathu, sindinganamizire motoka.

Chandiwawitsa mutu ndi ka buzzer ka kiyi. Ntchito yake ndi kulira ukatsegula chitseko cha dalaivala kiyi akadali mu ignition, kuti usamukhomere mkati. Kanga kanayamba kulira kiyi ali m'thumba mwanga! Kulirako ndikanapirira, koma remote nayo inasiya kukhoma, ndipo ukadina loko chitseko chili chotsegula maloko amadumpha okha n'kutsegukanso, kaili motoka ikuona ngati kiyi sanatuluke. Pa Kapata market kuno ku Chipata ndinkachita kukhoma ndi kiyi pachitseko kenako kuzungulira motoka yonse kukoka zitseko chimodzichimodzi ngati wakuba, amayi ogulitsa tomato akungondiyang'ana.

Makaniko woyamba anati ndi batire ya remote, ndinagula, palibe chinasintha. Kenako ati ndi switch ya pachitseko, pomwe nyale ya mkati ikuyaka ndi kuzima bwinobwino. Pomaliza ati tingodula waya wa buzzer bosi, phokoso lithe. Nanga maloko? Zii.

Amene anandithandiza ndi mdala wina wa auto electrical chakuno ku Down Shops. Anamasula mapulasitiki a pansi pa chiwongolero n'kundionetsa ka switch kakang'ono ka mawaya awiri pambali pa barrel (polowetsa kiyi paja), kali ndi kapini kamene kiyi amakakankha polowa. Anaika multimeter, kiyi alowe kaya atuluke mita ikungolira chimodzimodzi. Atazula pulagi yake buzzer phee, remote kugwira pompo. Kapiniko kanali kataumirira mkati ndi fumbi losakanizika ndi girisi amene wina anapakamo kale, chakuda bii. Ndipo pa mawayawo panali tepi yakale, kusonyeza kuti vutoli silinayambire kwa ine.

Anatsuka ndi contact cleaner, anandilipiritsa K150, tsiku limenelo ndinkauza aliyense kuti ndinagula motoka ya nzeru. Mphepo ya August itabwera ndi fumbi lake kanayambanso, makamaka m'mawa. Apa tinangogula ka switch ka second hand, K400 pamodzi ndi ntchito, mpaka lero kali chete. Mdalayo anandiletsanso kupachika chimtolo cha makiyi a nyumba ndi a shopu pa kiyi wa motoka, ati kulemerako kumadya barrel.

Manje za ogulitsa aja. Nditawatumizira chithunzi cha tepi ija anayankha kuti "a bosi, zazing'ono izo, motoka zonse zimatero." Ndinapempha kuti tigawane bilu, uthenga anawerenga, yankho mpaka lero. Ndalamayo si yambiri poyerekeza ndi mtengo wa motoka, chimandinyansa n'choti ankadziwa. Motoka ya mtundu umenewu ndingagulenso mawa, koma kwa iwowo pokhapokha achotsepo K550 yanga, ndipo iwe wa ku Katete ukapita ukazule kiyi, utsegule chitseko, umvetsere kaye usanatumize ndalama pa foni.