Clevios PH1000 pa masensa a potaziyamu: ndi yabwino, koma imakonda madzi

Clevios PH1000 ya kampani ya Heraeus ndi polima (chinthu chonga pulasitiki) yodutsa magetsi yotchedwa PEDOT:PSS, ya zigawo ziwiri, PEDOT ndi PSS, yosakanizidwa m'madzi, yabuluu wakuda. Polimayo ndi pafupifupi 1.0 mpaka 1.3 peresenti chabe, ndipo madziwo ndi a asidi, pH yake ili cha pa 2. Pa sensa (kachipangizo koyezera kuchuluka kwa potaziyamu m'madzi) imaikidwa pakati pa waya wa kaboni kapena golide ndi kachikopa ka pulasitiki ya PVC kokhala ndi valinomycin, mankhwala ogwira potaziyamu. Ntchito yake ndi kusandutsa kuyenda kwa ma ion (tizigawo ta mchere tonyamula magetsi) kukhala mphamvu ya magetsi yoyezeka.

Musaipake momwe yabwerera m'botolo. Isefeni kaye ndi sefa ya 0.45 µm, chifukwa imachita timibulu. Onjezani 5 peresenti ya mankhwala amadzimadzi otchedwa ethylene glycol kapena DMSO. Popanda mankhwalawa magetsi amadutsa mochepa kwambiri. Thiraninso GOPS, mankhwala omanga ndi kumata polimayo, pafupifupi 1 peresenti, apo ayi ikanyowa imatupa n'kumatuka. Umitsani pa 120 °C kwa mphindi 15, izizire, kenako muike kachikopa. Sensa yopangidwa bwino imasintha ndi pafupifupi 59 mV potaziyamu akachuluka kakhumi pa 25 °C.

Vuto lake ndi PSS, yomwe imayamwa madzi. Madzi amaunjikana pansi pa kachikopa, mchere ndi CO2 n'kulowamo, manambala a sensa n'kumasuntha pang'onopang'ono ngakhale simunasinthe chilichonse. Pa kuyeza kwa maola ochepa tikuivomereza ndi mtima wonse. Pa sensa yokhala m'madzi masabata, yesani polima ina, poly(3-octylthiophene), ngakhale iyo imasokonezeka ndi kuwala.

Botolo lisungeni pozizira, koma lisaundane.