Yureya, D compound kapena manyowa: chothira pa agapanthus n'chiti?

Agapanthus, duwa lija la masamba aatali lomwe limatulutsa maluwa amtundu wa thambo kapena oyera pamwamba pa phesi, kwawo ndi ku South Africa, koma kuno ku Dedza lidazolowera chifukwa limapirira kuzizira kwa Juni ndi Julaye, limapiriranso chilimwe. Dandaulo la ambiri ndi limodzi: masamba ali biriwiri chaka ndi chaka, maluwa osaoneka. Kawirikawiri gwero lake ndi zomwe tikuthira.

Yureya ndiye amakhala pafupi, poti amatsalako tikabereketsa chimanga. Chakudya chili mmenemo ndi nayitrojeni yekha, magawo 46 pa 100. Chimanga chimamufunadi, koma duwali likamulandira limangochulutsa masamba ofewa, maluwa n'kuchepa, ndipo akagwera pakati pa tsinde amawotcha. Ine ndimati ameneyu msiyireni chimanga. Feteleza wa 23:21:0+4S (manambala atatu oyambawo akuimira nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu motsatana) aliko bwino pang'ono chifukwa muli fosifolasi wolimbitsa mizu, koma ziro uyo akutiuza kuti mulibe potaziyamu, yemwe duwa limamusowa likafuna kuphukira.

D compound, yemwe alimi a mbatatesi ku Bembeke ndi ku Tsangano amamudziwa bwino, ndi wina. Ndi 8:18:15: nayitrojeni wochepa, potaziyamu wokwanira. Ngati mukufuna wogula, tengani ameneyu. Kadzanja kamodzi pa phata lalikulu n'kokwanira, mumwaze mozungulira patali pang'ono ndi tsinde, nthaka ili yonyowa, mvula yoyamba ikagwa. Vuto lake ndi mtengo, komanso sakonza dothi. Likakhala louma gwa, lidzakhalabe choncho.

Apa ndi pomwe manyowa amapambanira, ndipo ine mtima wanga uli kumeneko. Agapanthus ali ndi mizu yonenepa yosunga madzi, imene imaola ikakhala m'dothi lodikha madzi. Ndowe za ng'ombe kapena za mbuzi zoolerana bwino zimafewetsa dothi, madzi n'kumalowa, chinyezi n'kumakhalitsa. Chakudya chimatuluka pang'onopang'ono, monga momwe duwa lokhala zaka zambiri pamalo amodzi limafunira. Mukawonjezerapo phulusa la nkhuni pang'ono mwapezanso potaziyamu osatulutsa ndalama. Chenjerani ndi zitosi za nkhuku zaziwisi, zimawotcha mizu. Zisiyeni ziole kaye miyezi ingapo. Manyowa a Mbeya, omwe timasakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza n'kutsekera m'thumba masiku 21, nawonso amagwira, bola feteleza wosakanizayo asakhale yureya.

Koma ngakhale muthire chabwino chotani, duwali likakhala pamthunzi wa mtengo siliphukira bwino, limafuna dzuwa. Silifunanso kuzulidwazulidwa, chifukwa limaphukira kwambiri mizu ikapanikizana. Ligaweni pakatha zaka 4 kapena 5, maluwa atafota, ndipo mapesi ofotawo muzidula m'munsi kuti mphamvu isathere ku njere.