Recuva imabwezadi mafayilo ofufutika, koma ili ndi malire

Ojambula zithunzi pa maukwati komanso otayipa zikalata m'mashopu a pa Chitakale ndi pa Limbuli, Recuva ndi pulogalamu yoti muzikhala nayo pafupi. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, ndipo anaipanga ndi a Piriform, omwe aja a CCleaner. Ntchito yake ndi recovery, kubweza fayilo yomwe yafufutika kale. Backup ndi nkhani ina: kusungiratu kope lachiwiri zinthu zisanavute.

Mukafufuta chithunzi pa memory card, sichichoka nthawi yomweyo. Chomwe chimachoka ndi dzina lake pa mndandanda, malo ake n'kuoneka ngati opanda mwini. Chithunzicho chimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ndiye mukangoona kuti zithunzi zasowa, tulutsani khadi mu kamera pomwepo. Osajambulanso ngakhale chimodzi.

Khadilo lilowetseni mu card reader, Recuva muiike pa kompyuta, osati pa khadi lomwelo. Sankhani mtundu wa fayilo, lozani khadi, iyambe kufufuza. Kufufuza koyamba sikuchedwa. Kukapanda kupeza kanthu yesani Deep Scan, koma iyi imatha kutenga maola, choncho laputopu ikhale yodzaza moto, magetsi angathime ntchito ili pakati. Pambali pa fayilo iliyonse pamabwera kadontho. Kobiriwira ndiye kuti fayilo ili bwino, kalalanje yaonongeka pang'ono, kofiira yalembedwa kale pamwamba ndipo palibe chochita. Zomwe mwapulumutsa zisungeni pa disiki ina. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amabwezera pa khadi lomwelo n'kupondereza zomwe zinatsala.

Pa makhadi, ma flash ndi ma hard disk akale imagwira bwino ndithu, ngakhale mutachita quick format, kufufuta zonse mwachangu. Full format ya Windows ndiyo imalemba maziro paliponse, zonse n'kupita. Pa SSD, disiki ya mtundu watsopano ya m'malaputopu atsopano, musayembekezere zambiri, chifukwa lamulo la m'kati mwake lotchedwa TRIM limasesa malo ofufutidwa mwachangu. M'mimba mwa foni ya Android Recuva siilowa. Hard disk ikayamba kulira kuti tcha tcha tcha, izimitseni, vutolo ndi la chitsulo, pulogalamu singalithe. Recuva ikalephera pa khadi, yesani PhotoRec, yaulerenso. Imakumba mozama, kungoti mafayilo amabwera opanda mayina awo, ndipo zithunzi za ukwati wonse mudzazisankha chimodzichimodzi.

Kuno kwathu chinyezi cha chiperoni chimachititsa dzimbiri polowetsera flash, mphenzi nazo zimawotcha makompyuta. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anakokolola nyumba ndi katundu yense wa m'katimo, kope lililonse lomwe linali m'nyumba momwemo linapitira limodzi. N'chifukwa chake akatswiri amati 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina. Pa kope la kwinalo, Google imapereka 15 GB yaulere pa intaneti, koma imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira 2024 backup ya WhatsApp pa Android imadyanso pomwepo.

Samalani ndi mawu oti sync, kufananitsa mafayilo a pa kompyuta ndi a ku Drive. Mukafufuta fayilo pa kompyuta, ku Drive nakonso imafufutika, n'kukhala mu Trash masiku 30 okha. Pulogalamu ya backup ikakupatsani mwayi wosankha, tengani incremental, yomwe imangotumiza zomwe zasintha chichitireni backup yapitayo, bandulo siitha msanga. Full ndi yokopera zonse, ichiteni koyamba pa hard disk yapadera. Ndipo kamodzi pa mwezi tsegulani fayilo imodzi kuchokera mu backup, muone ngati ikutsegukadi.