Pepala la mbiri ya dzina la Mortimer limene ndinagulira apongozi anga

Apongozi anga aamuna, omwe ndi Angelezi a ku Herefordshire ndipo dzina la banja lawo ndi Mortimer, anakwanitsa zaka 70 mwezi wathawu. Mphatso imene ndinawasankhira inali pepala la mbiri ya dzina lawolo, loikidwa m'felemu, limene ndinaitanitsa pa intaneti ku kampani ina yogulitsa zinthu zotere. Ndinalipira mapaundi 45, ndipo linafika sabata isanathe, lokulungidwa bwino moti galasi silinang'aluke. Pepalalo ndi lochindikala, lachikasu ngati lakalekale, ndipo pamwamba pake anajambulapo chishango cha mizere yagolide ndi yabuluu chokhala ndi kachishango koyera pakati. Pa kaonekedwe ndi katumizidwe ndilibe dandaulo, koma zolembedwazo ndi zimene ndikufuna kuti wogula azidziwiretu.

Chiyambi cha dzinali anachilemba molondola. Limachokera ku mudzi wa Mortemer ku Normandy, kumpoto kwa France, ndipo m'Chifalansa chakale mawuwa amatanthauza madzi akufa, ndiko kuti madzi odikha osayenda ngati a pa thamanda. Analembanso zoona kuti dzinali linawoloka nyanja William wa ku Normandy atagonjetsa England pa nkhondo ya Hastings mu 1066, ndi kuti pamene kaundula wa malo wotchedwa Domesday Book ankalembedwa mu 1086, Ralph de Mortimer anali kale mwini wa Wigmore, mudzi wa ku Herefordshire. Apongozi anga atafika pa mzere umenewu anavula magalasi n'kumwetulira, chifukwa mabwinja a linga la Wigmore anawakwerapo kangapo ali mnyamata.

Chimene chinandikhumudwitsa choyamba n'chakuti analowetsamo nthano yakuti mwina dzinali linachokera kwa msilikali amene anakamenya nkhondo pafupi ndi Nyanja Yakufa ya m'Baibulo. Nthanoyi siingaime, pakuti ulendo woyamba wa nkhondo zolimbirana Yerusalemu unayamba mu 1096, pomwe dzinali linali likumveka kale mu 1054. Chaka chimenecho kunachitika nkhondo pa Mortemer penipenipo, ndipo Roger de Mortemer, bambo wa Ralph, anamenyera William mpaka asilikali a mfumu ya France anagonja. Koma Roger anabisa mdani wina wamkulu, amene Rogeryo kale analumbira kumutumikira, kenako n'kumulola kuthawa, ndipo William atakwiya anamulanda linga la Mortemer n'kulipereka kwa William de Warenne. Motero banjali linapita ku England litanyamula dzina la malo amene linali litalandidwa kale. Nkhani yokoma chonchi, yoona ndithu, anaisiya n'kuika nthano m'malo mwake.

Za Roger Mortimer wina wotchuka, wa zaka za m'ma 1300, anangolemba mizere iwiri: kuti iye ndi Mfumukazi Isabella anachotsa Mfumu Edward II ya England pampando, kuti analandira udindo waulemu wotchedwa Earl of March mu 1328, ndi kuti ananyongedwa ku Tyburn mu 1330. Zonsezi n'zoona.

Vuto lalikulu lili pa zimene pepalali silinena. Limalankhula kwa wogula ngati kuti akuluakulu a ku Wigmore ndi makolo ake enieni, koma silitchula kuti Edmund Mortimer, Earl of March wachisanu, anamwalira ku Ireland mu 1425 wopanda mwana, ndipo udindowo m'banja la Mortimer unathera pomwepo. Chuma chake chinapita kwa Richard wa ku York, mwana wa mlongo wake Anne, ndipo mwana wa Richard ndiye anakhala Mfumu Edward IV mu 1461. Kwa ife amene tinakula tikuona mwana wa mlongo akulowa ufumu wa malume ake, apa palibe chodabwitsa, koma tanthauzo lake n'lakuti magazi a mzere waukuluwo anapitirira m'dzina lina. A Mortimer a masiku ano angachokere ku nthambi zing'onozing'ono, kapena ku mabanja ena a dzina lomweli monga la ku Attleborough ku Norfolk. Zikufanana ndi kwathu kuno, kumene si Phiri aliyense amene angaloze Kalonga kuti ndi gogo wake, ngakhale kuti a Kalonga anali a chiwongo cha Phiri.

Chishango chija nachonso chili ndi mlandu womwewo. Ku England chizindikiro chotere chimaperekedwa kwa munthu mmodzi ndi ana obadwa mwa iye, osati kwa aliyense wa dzina limenelo, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi College of Arms ya ku London, imene inakhazikitsidwa mu 1484. Kampaniyo ikanalemba mzere umodzi wokha wofotokoza zimenezi, ndikanaiyamikira ndi mtima wonse.

Amene akufuna chokongoletsa khoma ndi chiyambi cha dzina m'ndime zochepa, pepalali limukwanira, ngakhale mtengo wake ndikuuona kuti wakwera. Amene akufuna kudziwa makolo ake enieni ndalamayo aisunge, ayambe ndi zikalata za kubadwa, ukwati ndi imfa zimene boma linayamba kulemba ku England ndi Wales mu 1837, kenako abwerere m'mbuyo kudzera m'makaundula a matchalitchi, amene lamulo lowasunga linaperekedwa mu 1538. Nditawafotokozera zonsezi apongozi anga, anati felemuyo ikhalebe pabalaza chifukwa ndi mphatso ya mkamwini wawo, kenako anandibweretsera bokosi la zikalata za agogo awo, ndipo tayamba kuzisanja pa tebulo motsatira zaka.