Avidemux 2.8.1 imachotsa bwino zotsatsa malonda, bola mudziwe poika B, chizindikiro cha pothera kudula

Nyenyezi 4 mwa 5. Avidemux ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta yodulira kanema, ilipo ya Windows, Linux ndi Mac, ndipo ndikuiweruza pa ntchito imodzi yokha: kuchotsa zotsatsa malonda mu zomwe mwajambula pa TV ndi dikoda yokhala ndi polowetsa flashi. Imayenda bwinobwino pa laputopu ya Core i3, RAM ya 4GB ndi Windows 10, mtundu womwe uja mumaupeza kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pa Dedza boma kapena pa Lizulu.

Madikoda a matchanelo aulere ambiri amasunga zojambula m'mafayilo othera ndi .ts, ndipo Avidemux imawatsegula. Zojambula za madikoda olipira pamwezi nthawi zambiri zimakhala zokhomedwa kuti ziziwonereka pa dikoda yomweyo basi, choncho zikakana musaitukwane Avidemux. Musanayambe, kopani fayilo kuchoka pa flashi kupita pa hard disk. Potsegula .ts koyamba, Avidemux imayamba yaiwerenga yonse n'kulemba kafayilo kena kothera ndi .idx2 pambali pake, ndipo pa flashi yotchipa izi zimachedwa mpaka kuganiza kuti kompyuta yauma. Flashi ikakhala ya FAT32, fayilo imodzi singapitirire 4GB, ndiye dikoda imaduladula chojambula chachitali m'zigawo. Tsegulani chigawo choyamba, zinazo muzilumikize motsatana ndi File kenako Append. Kuti muyerekeze malo: tchanelo yotumiza 2.5 megabit pa sekondi imadya pafupifupi 1.1GB pa ola.

Kumanzere kwa sikirini ya Avidemux kuli timabokosi titatu. Video Output ikhale pa Copy, Audio Output pa Copy, ndiye musankhe Output Format. Copy ndiye phindu lonse la pulogalamuyi. Siipanganso kanema mwatsopano, imangonyamula zidutswa zomwe mwasiya n'kuzilumikiza, choncho chithunzi chimatuluka monga chinalowera ndipo kusunga kumatenga nthawi yofanana ndi kungokopa fayilo. Koma Copy ili ndi lamulo lake, ndipo ambiri amene amati Avidemux imawononga kanema ndi amene sanalimve lamuloli.

TV ya kuno imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi, koma si zonse zomwe zimasungidwa zathunthu. Chathunthu ndi chimodzi apa ndi apo, chotchedwa keyframe, chomwe pansi pa sikirini chimalembedwa kuti I-FRM. Zithunzi zobwera pambuyo pake, zotchedwa P ndi B, zimangosunga zomwe zasintha. Zili ngati kope la banki mkhonde: pamwamba alemba ndalama zonse za membala, m'munsimu akungolemba kuti waonjezera zakuti, watapa zakuti. Mukang'amba mzere wapamwambawo, manambala otsalawo sakuuzani kanthu. N'chimodzimodzi kanema. Akayambiranso pa P kapena B pambuyo podula, mumaona timabokosi tobiriwira kapena totuwa, nkhope ya wowerenga nkhani itapakika pa botolo la mafuta ophikira lomwe linali mu malonda aja, mpaka keyframe ina itafika.

Kadulidwe koyenera ndi aka. Kokani kachizindikiro ka pa mzere wa nthawi mpaka pafupi ndi poyambira malonda. Mivi ya m'mwamba ndi pansi pa kiyibodi imalumpha keyframe ndi keyframe, pomwe ya kumanzere ndi kumanja imayenda chithunzi chimodzichimodzi. Pezani chithunzi choyamba cha malonda n'kudina batani la A, chizindikiro cha poyambira kudula. Pitani kumapeto kwa malondawo, ndipo apa gwiritsani mivi ya m'mwamba ndi pansi yokha, kuti muime pa I-FRM yoyamba ya pulogalamu yanu. Dinani batani la B, chizindikiro cha pothera kudula (si zithunzi za B zija), kenako Delete. Chithunzi cha pa A chimachoka, cha pa B chimatsala, ndiye chifukwa chake B ndiye wofunika kukhala pa keyframe. Mukaphonya, Avidemux imachenjeza, ndipo chenjezolo musalidumphe. Ctrl ndi Z zimabweza zomwe mwadula. Mukatha malo onse, bwererani pa mfundo iliyonse yomwe mwadula muonere masekondi angapo kutsogolo ndi kumbuyo musanasunge.

Apa ndi pomwe nyenyezi yachisanu yathothoka. Wailesi ya kanema siika keyframe potengera pothera malonda. Mu kanema wa mtundu wa MPEG-2 ma keyframe amatalikirana pafupifupi theka la sekondi, koma mu H.264, yomwe ndi yofala pa DVB-T2 (TV ya digito yolandirira ndi mlongoti), mpata umatha kufika sekondi imodzi kapena ziwiri. Ndiye nthawi zambiri mumasankha pakati pa zoipa ziwiri: kusiya kamchira ka malonda, kapena kudya mawu oyamba a pulogalamu. Ngati pulogalamu imabwerera ndi kanyimbo ndi chikwangwani chake, idyani kanyimboko, palibe angadandaule. Koma pulogalamu ya zaulimi yomwe mlangizi amayamba n'kutchula mlingo wa mankhwala opopera mbatata, kulibwino kusiya kamchira kusiyana ndi kudula nambala yomwe alimi a kalabu ku Tsangano akuidikira.

Wofuna kudula pa chithunzi chenicheni ayenera kuchotsa Copy n'kusankha Mpeg4 AVC ya x264. Pamenepo mutha kuika B paliponse, koma kanema yense amapangidwanso, chithunzi chimatsika pang'ono, ndipo laputopu yakale imatentha n'kumalira fani kwa nthawi yaitali. Mukapita njira imeneyi ndipo kanemayo ndi wowonera pa foni kapena kompyuta, onjezani filter ya yadif, apo ayi m'mphepete mwa zinthu zoyenda mudzaoneka timizere ngati mano a chipeso. Avidemux ilibe njira yapakati yongopanganso zithunzi zochepa za pa mfundo n'kusiya zina zonse. LosslessCut, yomwenso ndi yaulere, ili ndi smart cut yochita zimenezo, koma eni ake amalemba okha kuti idakali yoyeserera.

Avidemux siidzipezera yokha malonda. Ili ndi mabatani awiri olumphira pa chithunzi chakuda, omwe amathandiza ngati tchanelo imathimitsa sikirini isanaike malonda, koma ngati amangolowetsa malonda mwadzidzidzi mabataniwo amangoyendayenda. Comskip ndiyo imayesa kuzindikira malonda poyang'ana mdima, kusowa kwa mawu ndi kuchoka kwa chizindikiro cha tchanelo pakona, koma imafuna kuikonza kaye ndipo ndi pulogalamu ina. Zolemba zoyenda m'munsi mwa sikirini ndi malonda okhala pambali pulogalamu ili mkati sizichoka ndi kudula, zinalowa kale m'chithunzi.

Vuto lina lofala kuno kumapiri ndi mawu kusiyana ndi milomo. Gwero lake kawirikawiri si Avidemux koma siginolo. Mvula ikagwa kapena mphepo ikagwedeza mlongoti, zidutswa za chojambula zimatayika, ndipo pambuyo pa malo owonongekawo mawu amatha kutsogola kapena kutsalira. Ngati kusiyanako n'kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chongani Shift pansi pa Audio Output: nambala ngati 200 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 200, ya minus imawafulumizitsa. Ngati kwayambira pakati, Shift singathandize chifukwa imasuntha mawu a fayilo yonse. Dulani malo owonongekawo ngati malonda, kuyambira pa keyframe yabwino mpaka pa ina yabwino, kapena sungani zigawo ziwirizo padera, chilichonse ndi Shift yake.

Pa Output Format, MKV ndiyo imalandira pafupifupi chilichonse ndipo VLC imaisewera popanda vuto. Yobwerera nayo pa dikoda ikhale Mpeg TS. MP4 ndi yabwino pa foni, koma ngati mawu anali a MP2, ma TV ena ndi mafoni amaonetsa chithunzi chopanda mawu. Zikatero sinthani Audio Output yokha ikhale AAC, Video Output muisiye pa Copy. Mawu okha sachedwa kupangidwanso. Mawu olembedwa m'munsi omwe tchanelo imatumiza padera sapita mu fayilo yatsopano.

Poti magetsi amathima osatsanzika, mukadula malo awiri kapena atatu pitani pa File, Project Script, Save As Project. Kafayilo ka .py kameneko ndi kakang'ono ndipo kamasunga malo onse mwadula, bola musasunthe kapena kusintha dzina la fayilo yoyamba. Fayilo yoyambayo musaifufute mpaka mutaonera yatsopano pa chipangizo chomwe idzaseweredwe. Kwa a vidiyo sho, kudula malonda sikupereka chilolezo choonetsa kwa anthu olipira pakhomo, nkhani imeneyo ndi ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso.