Maphunziro ophunzitsa Macbeth mwa sewero, aphunzitsi anzanga pitani ndithu

Amene mukuphunzitsa Literature ku fomu 3 ndi 4, anthu azisudzo akabwera ku TDC (malo ophunzitsirako aphunzitsi) kwanu ndi maphunziro awo a mmene tingaphunzitsire Macbeth, sewero la Shakespeare, musakhale kunyumba poti alawansi ndi yochepa. Kwathu kuno anabwera holide yapitayi ndipo ine ndawakonda heavy, ngakhale zina ndidandaula pansipa.

Mukudziwa mmene timachitira, mphunzitsi kuwerenga mokweza ana kumangolemba manotsi, Chingerezi cha Shakespeare cha m'ma 1600 chija mwana wa ku CDSS akuchimva ngati wailesi yosagwira siteshoni. Azisudzowa sanatipatse mpata wokhala pansi, madesiki onse kukhoma basi. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi njira ija amaitcha conscience alley. Tinapanga mizere iwiri, mphunzitsi mmodzi kukhala Macbeth akudutsa pakati pang'onopang'ono, uku ena akunong'ona kuti mupheni Duncan ufumu ndi wanu, mbali inayi akuti ayi bambo ameneyu ndi mfumu yanu komanso m'bale wanu komanso mlendo wagona m'nyumba mwanu. Mayi wina amene anali Macbeth anafika kumapeto maso atafiira, ndiye wotsogolera anatiuza kuti tsegulani Act 1 scene 7, zifukwa zonse tinkanong'onazo zili momwemo. Mwana akadutsa mumzere umenewo funso la khalidwe la Macbeth sangalisowe pa MSCE, ndikukhulupilira zimenezo.

Tinachitanso zoimika chithunzi, phwando lija mzukwa wa Banquo, mnzake amene Macbeth anamuphetsa, utakhala pampando, aliyense kuuma pomwe ali kenako wotsogolera akakugwira paphewa unene chomwe munthu wako akuganiza. Hot seating nayo inalipo, Lady Macbeth pampando ife kumupanikiza ndi mafunso, koma imeneyo ambiri timaidziwa kale makamaka amene tinakulira mu mipikisano ya zisudzo za Chingerezi ya bungwe la ATEM.

Chondiwawa nchakuti ife tinali ochepa muholo yaikulu, pamene kalasi yanga ana amakhala mothinana mpaka pakhomo, piriyodi mphindi 40 zokha, ndiye kungosuntha madesiki theka la nthawi lapita. Titafunsa anangoti tulukani nawo panja pansi pa mtengo, chabwino, nanga nthawi ya mvula? Sanatisonyezenso bwinobwino mmene mwana angachokere pa sewero n'kukalemba essay mmene a MANEB amafunira, ndipo mapepala oti titenge sanakwane, ena anangojambula ndi foni. Masewero otenthetsa thupi m'mawa anachulukitsanso, nthawi imeneyo bwenzi titachita scene ya Lady Macbeth akusamba m'manja ali mtulo ija.

Mukamapita tengani buku lanu la Macbeth ndi nsapato zofleti, ndipo muwaumilize akusonyezeni zonsezi ndi kalasi yeniyeni ya ana osati aphunzitsi okhaokha.