Ndinakayesetsa mtengo wa Webley ya malemu amalume, ntchito ya katswiriyu ndaikonda

Amalume atamwalira anandisiira mfuti yawo yakale, Webley Mark VI ija imatseguka ngati ukuithyola pakati, mapepala ake onse ali bwinobwino. Ineyo zoombaomba si mbali yanga koma ndimafuna kudziwa mtengo wake weniweni, chifukwa munthu wina anali atayamba kale kundikakamira kuti ndimugulitse ndipo ndalama yomwe amatchula imandikayikitsa, pomwe pa intaneti ndimaona ena akuika mitengo yoti mpaka mutu kuzungulira. Ndiye ndinapita kwa bambo ena achikulire omwe ntchito yawo ndi kuyesa mitengo ya mfuti zakale basi, sagula komanso sagulitsa, iwe umalipira ntchitoyo iwo nkukulembera lipoti. Chinandikopa ndi chimenecho, poti munthu amene akufuna kukugula katundu ndiye yemweyo akuuze mtengo wachilungamo? Zovuta.

Nditangofika anaitsegula kaye kuona kuti mulibe chipolopolo, kenako anaiyala pa kansalu pansi pa nyale nkutenga kagalasi kokuzira. Anandionetsa chaka cha 1917 chodindidwa pambali, nkundifotokozera kuti mtundu umenewu asilikali a ku Britain anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1915 ndipo inkapangidwa ku Birmingham, ya zipolopolo sikisi za .455. Kachizindikiro kokhala ngati muvi kaja ine ndimangoyesa kukalika, kumeneko ndi kosonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Manambala a pa thupi la mfuti ndi pa mpope anagwirizana, apo mtima unayamba kukhala mmalo.

Koma atafika pa silinda, kachitsulo kozungulira komwe mumalowa zipolopolo kaja, anakhala kaye chete. Akuti "achimwene tabwerani muone apa", kuyang'ana ndinapeza manambala a pa silinda odukaduka mmunsi mwake ngati wina anawasenga. Nkhani yake ndi yoti ma Webley ambiri atagulitsidwa ku America anthu ankawapala kumbuyo kwa silinda kuti azilowa zipolopolo za .45 ACP zomwe kumeneko zimapezeka mosavuta, ndiye ya amalume inali imodzi mwa zimenezo. Kwa anthu osunga mfuti zakale yopalidwa chonchi mtengo umatsika ndithu chifukwa chitsulo chomwe chinachotsedwacho sichingabwerere. Anandichenjezanso mwamphamvu kuti ndisadzayerekeze kuikamo .45 ACP za mu shopu, mphamvu yake imaposa yomwe mfutiyi inapangidwira. Mawu okhawo kwa ine anakwana kale ndalama yomwe ndinalipira.

Chomwe chinandipulumutsa nchoti sindinaipukute. Zoona ndimafuna kuikwecha ndi sandipepa kuti iwale ndisanapite nayo, mwamwayi ndinasowa nthawi. Iwo akuti kuthimbirira kwa zaka zambiri kuja ogula amakufuna, ndipo mfuti yomwe yadetsedwanso mwatsopano imaoneka bwino mmaso koma zilembo zake zimafafanizika, m'mbali mwake mumakhala mosalala mopanda ngodya, odziwa amazindikira pompo nkutsitsa mtengo. Anaunikanso mkati mwa mpope kuona ngati dzimbiri linadya, anagwedeza silinda kuona ngati ikugwira zolimba, zogwirira zake anapeza kuti ndi zoyambirira ngakhale chimodzi chili ndi kamng'alu pansi.

Pa mtengo penipenipo sanatenge zomwe anthu amaitanitsa pa intaneti, akuti aliyense atha kulemba ndalama yomwe walota. Anatenga mitengo yomwe mfuti zofanana ndi yanga zinagulidwadi pa okushoni posachedwapa, zopalidwa pazokha zosapalidwa pazokha, ndipo mu lipotimo analemba mitengo iwiri, wa inshuwaransi omwe umakhala okwererapo ndi omwe ndingapeze nditagulitsa lero. Wachiwiriwu unali pansi pa zomwe ndimalota koma unaposa ndithu zomwe munthu uja amandipatsa.

Chondidandaulitsa chilipo chimodzi, lipoti anati litenga sabata imodzi koma linatenga masabata atatu ndipo foni samayankha msanga, ndinachita kuwakumbutsa kawiri konse. Zithunzi za mu lipotimo nazonso zina ndi zakuda, chizindikiro cha muvi chija sichikuoneka bwino. Komabe ndingabwererenso kwa iwo osakayika. Munthu uja ndinamuonetsa lipotilo anakweza ndalama yake tsiku lomwelo, ine ndamuuza kuti adikire kaye ndikambirane ndi azakhali, poti mfutiyi amuna awo anaisunga zaka zambirimbiri.